Akuti Mapanga Awiri Avumbwitsa

Pali mwambi umene akuluakulu a pasukulu pano amaukonda kwambiri akafuna kutseka nkhani isanayambe n'komwe. Wophunzira akangofunsa kuti kodi chimaletsa n'chiyani kuti munthu aphunzire malamulo ndi zofalitsa nkhani pamodzi, natuluka ndi digiri yosenza zonse ziwiri, yankho limatuluka msanga ngati kuti lidali kale m'thumba: mapanga awiri avumbwitsa. Ena amaonjezerapo za pusi uja adagwa chagada. Akatero amaseka, wofunsayo nayenso amaseka mwaulemu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine sindiseka nawo. Mwambiwo ngwabwino, koma auika posayenera, pakuti m'dziko muno malamulo ndi kufalitsa nkhani si mapanga awiri ayi. Ndi phanga limodzi limene tidamangamo khoma pakati, ndipo amene ali kuvumbwa ndi anthu amene tidawasiya panja.

Tiyambe taona m'mene zinthu zilili. Maphunziro a malamulo adabwera kuno ku Zomba kuchokera ku Mpemba mu 1973. Utolankhani udakulira ku Blantyre, ku Polytechnic, imene kuyambira 2021 idasanduka yunivesite payokha. Kunonso ku Chirunga alipo anzathu ophunzira zofalitsa nkhani, ndipo iwowa ndi ophunzira malamulo amakumana m'laibulale, amagona m'nyumba zoyandikana, mwinanso amafunsirana mbeta. Koma pa nkhani ya maphunziro amakhala ngati apongozi, kupatukirana njira ndi kuyang'ana kumbali. Kwina sizili choncho. Ku University of Technology Sydney munthu amaphunzira utolankhani ndi malamulo pamodzi zaka zisanu. Ku Rhodes, ku South Africa konkuno, wophunzira angathe kutenga utolankhani pamodzi ndi maziko a malamulo pa digiri yoyamba, kenaka n'kumalizitsa malamulowo. Sindikutchula malo amenewa kuti tiwatsanzire ngati anyani. Ndingofuna kuti amene amati chinthuchi n'chosatheka asiye kutero, anene chilungamo kuti sachifuna, tsono tikambirane chifukwa chake.

Ife a m'bwalo lino la alembi ndife oyenera kudziwa bwino koposa onse kuti lamulo ndi cholembera zimayendera limodzi. Nkhanza za masiku a chipani chimodzi sizidali zopanda lamulo. Zidali ndi mutu, gawo ndi ndime yake. Bungwe lopima mabuku, masewero ndi mafilimu lidaimikidwa ndi lamulo la 1968. Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kudali ndi malamulo ake a chitetezo, osindikizidwa bwinobwino. Pamene a Jack Mapanje adatengedwa mu Seputembala 1987 nakasungidwa ku Mikuyu mpaka 1991 wopanda mlandu wowawerengera, panalibe amene adaswa lamulo la nthawiyo. Nanga mabwalo a mafumu aja, amene kuyambira 1969 adapatsidwa mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu? Kumeneko n'kumene a Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko lino, ndi mayi Vera Chirwa, onse awiri odziwa malamulo, adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. A Chirwa adamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992, kufupi konkuno, mtunda woyenda wapansi kuchokera pamene mwakhala mukuwerengapo tsambali.

M'chaka chomwecho cha 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adafera ku Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padapita zaka zoposa khumi kuti komishoni ya a Jaji Mtegha inene poyera kuti anthuwo adachita kuphedwa. Taonani m'mene ntchito idagawidwira. Padali anthu ophunzira amene ankalemba malamulo osafunsa kuti adzamveka bwanji m'khutu la munthu wamba, ndipo padali anthu ena ophunzira amene ankawerenga nkhani pawailesi osafunsa kuti kodi imfa yotere lamulo limati ifufuzidwe motani. Wina adziwa lamulo koma alibe pakamwa, wina ali ndi pakamwa koma sadziwa lamulo. Wolamula aliyense wouma mtima amakondwa ndi kagawidwe kotere.

Wina anena kuti, iwe, digiri siletsa mfuti, ndipo mtolankhani wodziwa malamulo akadangofika msanga ku Mikuyu. N'zoona. Koma kumbukirani chimene chidagwedeza mpando. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Kalatayo idakamba za anthu otsekeredwa opanda mlandu, za makhoti osadziimira paokha ndi za ufulu wolankhula, nkhani zimene maloya ankazidziwa kale zaka zambirimbiri. Chachilendo chidali chakuti nkhanizo zidanenedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, mokweza, pamaso pa amayi obereka ana kumbuyo. Boma lidazindikira msanga kuopsa kwake, nkulengeza kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Ophunzira a pano adaguba kuivomereza. Patangotha miyezi khumi ndi isanu, pa 14 Juni 1993, anthu adaponya voti ya riferendamu. Ndikamanena za kuphatikiza malamulo ndi kufalitsa nkhani ndikunena ntchito yonga imeneyi, ndipo n'zochititsa manyazi kuti sukulu ya ukachenjede idaisiyira ansembe.

Tsono tibwere ku masiku athu ano, pakuti sindifuna kuti muganize kuti ndikulira maliro akale. Malamulo Aakulu a 1994 adatipatsa ufulu wolankhula m'gawo 35, ufulu wa atolankhani m'gawo 36, ndi ufulu wodziwa zimene boma lasunga m'gawo 37. Lamulo lotsegula khomo la gawo 37 lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2016, lidasainidwa mu 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, zaka 26 chilembedwere ufuluwo. Lamulolo si belu loti ukangoliza mafailo atuluke okha. Uyenera kudziwa kuti pempho lipite kwa yani, lilembedwe motani, nthawi yoyankhira ikatha ukadandaule kuti, ndiponso kuti bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira zonsezi. Uyeneranso kudziwa pamene mkulu wa ofesi ali kukana mwalamulo ndi pamene ali kungokuopseza. Khasu lilipo, koma wolidziwa kagwiridwe kake ali ku khoti kuimira kampani, ndipo wolifuna ali m'chipinda cholembera nkhani kudikira kuti mneneri wa unduna ayankhe lamya.

Ndiponso lamulo silikhala malo amodzi. Mu 2011 gawo 46 la malamulo a zilango lidapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala, ndipo mu 2012 lidachotsedwa. Mu 2022 aphungu adafafaniza mlandu uja woutsa mitima ya anthu, womwe udamangitsa a Chakufwa Chihana mu 1992. Mu 2025 Khoti Lalikulu lidagamula kuti gawo 200, lomanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi Malamulo Aakulu. Tidaomba m'manja. Koma pamene zitseko zimenezi zinkatsekedwa, china chidali chitatseguka kale: lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti, limene latengetsa anthu ku polisi chifukwa cha mawu olembedwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kodi munthu amene adangolawako malamulo a zofalitsa nkhani teremu imodzi, nalemba mayeso, naiwala, angalondole mapazi a nyama yosinthasintha chonchi?

Ndipereke chitsanzo chimene chimandiwawa mpaka lero. Mu Epulo 2021 nkhani idamveka m'dziko muno ndi kunja komwe kuti Khoti la Suprimu, pa mlandu wa Khoviwa, lathetsa chilango chonyonga. Mabungwe adatumiza mafuno abwino. Mu Ogasiti chaka chomwecho khoti lomwelo lidatulutsa chigamulo chokonzedwanso, majaji ambiri nanena kuti funso la chilango cha imfa silidali pamaso pawo n'komwe, ndi kuti mawu ajawo adali maganizo a jaji mmodzi. Sindikunena kuti chisokonezocho adachiyambitsa ndi atolankhani, pakuti chidayambira m'khoti momwemo. Koma wophunzira malamulo wa chaka choyamba amaphunzitsidwa kusiyanitsa chimene khoti lagamula ndi chimene jaji wanena podutsa, ndiponso kufunsa ngati nkhaniyo idakambidwa ndi mbali zonse ziwiri. Mafunso amenewa adayenera kufunsidwa mokweza mu Epulo, osadikira Ogasiti. Taganizirani za mayi wa kumudzi amene mwana wake ali m'ndende ya Zomba kudikira chingwe, amene adamva pawailesi kuti chingwe chadulidwa, ndipo patapita miyezi inayi n'kumva kuti chidakalipo.

Koma tisathamangire milandu ikuluikulu yokha. Pitani pamsika uliwonse mufunse tanthauzo la belo. Ambiri adzakuuzani kuti belo ndiye kuti wakuba wagula apolisi. Sadziwa kuti munthu womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, monga likunenera gawo 42, kuti belo ya kupolisi njaulere, ndi kuti wotuluka pa belo mlandu wake sunathe. Akamuona munthuyo ali kuyenda m'mudzi mawa lake amati boma latigulitsa, ndipo wakuba wotsatira safika naye ku polisi, amamufunira matayala ndi petulo. Ndani adawauza anthuwa za belo m'chinenero chawo, mobwereza, mpaka zitalowa? Nyuzipepala imalemba kuti apolisi agwira mbava, pamene khoti silinamve ngakhale mboni imodzi. Liwu lakuti vakabu aliyense amalidziwa, pakuti lidalowa m'Chichewa kudzera m'ndodo ya wapolisi. Koma ndi angati ogulitsa malonda m'misewu adamva kuti mu 2017, pa mlandu wa Gwanda, yemwenso adali wogulitsa majumbo ku Blantyre, Khoti Lalikulu lidathetsa ndime imene inkamangitsa anthu chifukwa chongopezeka pamalo usiku? Lamulo loopseza limafika m'mudzi lokha. Lamulo lomasula limafuna womunyamula, ndipo womunyamulayo sitikumuphunzitsa.

Amene amati anthu wamba sasamala za malamulo adali kuti mu 2019? Mlandu wa chisankho utayamba mu Ogasiti chaka chimenecho, wailesi zidaulutsa zonse kuchokera m'khoti, omasulira akutembenuzira m'Chichewa, ndipo m'maminibasi, m'magolosale ndi m'mashopu ometera anthu adasiya nyimbo namvetsera maloya akupanikiza mboni. Ana omwe adadziwa za tipeksi ndi za madando. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu adawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka mdima, ndipo dziko lidakhala chete kudikira. Mbali imodzi yaikulu ya chigamulocho idatsamira pa liwu limodzi lokha la Chingerezi m'gawo 80: kodi wopambana ndi amene waposa anzake, kapena amene wapeza mavoti opitirira theka la onse? Khoti lidati opitirira theka, a Suprimu adavomereza mu Meyi, ndipo pa 23 Juni tidavotanso. Njala ya kudziwa idaoneka poyera. Koma ofotokozera anthu tanthauzo la zonsezi adali maloya obwerekedwa kwa mphindi zochepa, ena mwa iwo ali ndi mbali yawo m'thumba, pamene wofunsa mafunso sankatha kuwabweza akapotoza. Dziko limene tsogolo lake lingapachikike pa liwu limodzi liyenera kukhala ndi anthu ake amene ntchito yawo ndi kumasula mawu otere, osalipidwa ndi woimba mlandu kapena woimbidwa.

Anzanga a ku malamulo asaganize kuti ndodoyi ndadulira atolankhani okha. Inu mumaphunzira zaka zinayi kulankhula chinenero chimene amayi anu sangachimve, ndipo mumachinyadira. Mukathira Chilatini m'chiganizo mumayang'ana uku ndi uku kuti muone amene wachita mantha. M'makhoti athu munthu amamva za moyo wake kudzera mwa womasulira, ndipo loya wake amene, wobadwira ku Ntcheu kapena ku Mzimba, satha kumufotokozera panja pa khoti kuti chachitika n'chiyani popanda kuthawira ku Chingerezi. Tayesani lero lino: tengani chigamulo chilichonse chimene mwawerenga sabata ino, muchilembe m'mawu zana limodzi a Chichewa, mukawerengere mlonda wa pageti. Akakufunsani kuti tsono wapambana ndani, dziwani kuti inunso simudachimvetse. Mtolankhani amaphunzitsidwa kufunsa kuti chachitika n'chiyani, kwa yani, nanga tsono zitanthauzanji kwa wowerenga. Loya wosaphunzira mafunso amenewa amabisala m'mawu ambiri monga nkhanga m'udzu. N'chifukwa chake digiri imene ndikuitanitsayi ikadzakhala ya Chingerezi chokhachokha ndidzakhala woyamba kuikana. Pakati pake payenera kukhala kulemba ndi kuulutsa nkhani za malamulo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina zathu, ndipo wolephera pamenepo alephere digiri yonse, ngakhale atakhoza bwanji malamulo a malo ndi a makampani.

Ndamvapo zifukwa zitatu zokanira, ndipo chimodzi chokha ndicho chili ndi fupa. Choyamba amati nthawi ndi ndalama sizilola. Koma kwa zaka zambiri mwambo wa pano wakhala wakuti munthu amalowa ku malamulo atayamba waphunzira zina chaka chimodzi kapena kuposerapo, ena atamaliza digiri yathunthu. Ndiye kuti mapanga awiri aja tidawalowa kale, kungoti loyambalo timaligwetsa tikangotulukamo. Chimene ndikupempha n'chakuti zaka zoyambazo zisatayidwe, zilukidwe pamodzi ndi zotsatirazo. Chachiwiri amati onse omaliza adzathawira ku uloya kumene kuli ndalama, pakuti utolankhani ndi ntchito yodalira chipondamthengo. Ambiri adzapitadi. Nanga taluza chiyani tikapeza maloya otha kulankhula ndi anthu, majisitireti otha kulemba chigamulo chomveka, ndi olemba malamulo a boma amene adaphunzirapo kufunsa kuti ndime iyi idzamanga yani? Ndipo pa khumi aliwonse akatsala awiri m'nyumba zoulutsira mawu, awiriwo adzakhala ovuta kuwagula, popeza munthu amene ali ndi khomo lina lotulukira saopa kuchotsedwa ntchito ngati amene alibe.

Chachitatu ndicho cholemera. Amati ntchito ziwirizi n'zodana m'mitima: loya amalumbira kusunga chinsinsi cha amene wamulemba ntchito ndi kumuimira ngakhale ali wolakwa, pamene mtolankhani amalumbira kuulula. Munthu mmodzi angasenze bwanji malumbiro awiriwa? Ndikuvomera kuti sangakhale loya ndi mtolankhani pa nkhani imodzi, ndipo woyesa kutero ayenera kuchotsedwa mbali zonse ziwiri. Koma taonani bwino, mtolankhaninso ali ndi chinsinsi chake. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira a Gregory Gondwe nawalanda lamya ndi kompyuta, chimene ankafuna n'kudziwa amene adawapatsa chikalata cha boma. Chinsinsi cha pakati pa loya ndi munthu wake makhoti amachilemekeza kuyambira kalekale, pamene cha mtolankhani ndi womutsina khutu chimadalira kulimba mtima kwa mtolankhaniyo m'chitolokosi. Chifukwa chiyani china chili ndi mpanda, china chili pambalambanda? Funso limeneli silingafunsidwe bwino m'kalasi ya maloya okhaokha, kumene salimva kuwawa, kapena ya atolankhani okhaokha, kumene alibe zida zolimenyera. Kudana kwa ntchito ziwirizi ndiye phunziro lenilenilo, ndipo ndi bwino wophunzira alimbane nalo ali ndi zaka 21 pamaso pa mphunzitsi kusiyana ndi kukakumana nalo koyamba wapolisi ali pakhomo.

Palinso mantha ena amene amanong'onedwa m'bwalo lino, akuti malamulo amaziziritsa magazi, ndipo mlembi akawadziwa adzayamba kudzipima yekha asanalembe. Ine ndaona zosiyana. Nkhani zambiri zimafera m'kabati ya mkonzi chifukwa kwabwera kalata ya loya yoopseza za mamiliyoni, ndipo m'nyumbamo mulibe wodziwa kuti choona chotsimikizika ndi chishango pa mlandu woipitsa mbiri, kuti ndemanga yachilungamo pa nkhani yokhudza anthu onse ili ndi chitetezo chake, ndi kuti kulemba molondola zimene zanenedwa m'khoti kapena m'Nyumba ya Malamulo n'kololedwa. Wandale akanena kuti nkhaniyi ili ku khoti, sindiyankhapo, mtolankhani amatseka kabuku kake ngati wamva mawu a mfiti, osadziwa kuti lamulolo lili ndi malire ake ndipo kawirikawiri wandaleyo ali kungobisalamo. Woyenda usiku m'munda wosaudziwa amaopa chitsa chilichonse. Wodziwa pamene pali mbuna ndiye amathamanga.

Sindikupempha nyumba yatsopano kapena galimoto la mkulu wina. Aphunzitsi a mbali zonse ziwiri alipo kale pa Chirunga pano, malipiro awo akutuluka kale, ndipo makhoti ali m'tauni momwemuno. Chofunika n'chakuti akulu a magawo awiriwa akhale pa tebulo limodzi, agwirizane maphunziro amene sangasiyidwe kuti womaliza avomerezedwe kupitiriza njira ya uloya, aonjezepo kulemba, kufufuza ndi kuulutsa, atengere pepalalo ku Seneti. Ayambe ndi ophunzira khumi okha ngati akuopa. Aliyense wa iwo, asanalandire digiri, akakhale teremu yathunthu pa benchi ya kumbuyo m'khoti la majisitireti, kumene kulibe makamera, akulemba za wakuba nkhuku ndi za mayi wolandidwa munda, nkhanizo n'kumaulutsidwa pa wailesi ya pasukulu pano madzulo aliwonse.

Akulu a magawo awiriwa amalandira magazini ino, ndipo ndikudziwa kuti amaiwerenga, pakuti tikalakwitsa dzina la mmodzi wa iwo kalata imafika tsiku lomwelo. Ndapempha akonzi kuti asunge masamba awiri m'kope lotsatira. Ngati pali chifukwa china chokanira chimene sindinachitchule, achilembe pamenepo, m'Chichewa.